Buledi Wokhala ndi Maso

Mayi Telala anali ndi mbale yanga. Sanabweze.

Mbaleyo ndi yaikulu. Ili ndi maluwa ofiira m'mbali. Ndilibe ina ngati iyo.

Mayi Telala ndi achilendo pano. Anachokera kudziko lakutali. Khomo lawo layang'anana ndi lathu. Amasoka zovala tsiku lonse.

Atangofika, ndinaphika nyemba. Ndinapakulira m'mbale ija. Mwana wanga anakapereka.

Mwana wanga timamutcha Kamphuno. Mphuno yake sigona. Anyezi akamapserera kwa eni ake, iye wamva kale.

Nyemba zinadyedwa. Mbale sinabwere.

Kunada, kunacha. Mbale sinabwere.

Kunadanso, kunachanso. Mbale sinabwere.

Ine ndimagulitsa tomato pamsika. Changa sindisiya kwa munthu.

"Kamphuno!" ndinaitana.

"Ndili pano, Amayi."

"Mbale unaisiya ndiwe. Kaitenge."

"Anti anati tidikire."

"Tidikire chiyani? Kodi mbale imabereka? Ukabwera chimanjamanja, ndipitako ndekha. Ndipo kwa a Telala sudzapondakonso."

Kamphuno anagwetsa nkhope. Iye amakonda kwa Mayi Telala. Amamupatsa tinsalu tovekera chidole.

Anatuluka pang'onopang'ono.

Ndinasesa m'nyumba. Kamphuno sanabwere.

Ndinatsuka mapoto. Kamphuno sanabwere.

"Taonani!" ndinatero. "Mbale yapita. Mwana wapitanso!"

Ndinamanga nsalu m'chiuno. Ndinakagogoda. Go! Go! Go!

Anatsegula ndi Kamphuno. Chala chinali pakamwa.

"Pang'onopang'ono, Amayi. Phala likupuma."

"Phala lipume? Lili ndi mphuno?"

Anandigwira dzanja. Anandikokera m'kati. Tinadutsa makina osokera. Tinadumpha mulu wa nsalu. Pakona panali chidebe. Chinali chovundikiridwa ndi nsalu yoyera.

Kamphuno anavundukula.

M'chidebemo munali phala la ufa losaphika. Koma linkayenda! Kathovu kanatuluka. Phwi! Kena kanatuluka. Phwi! Phwi!

Ndinasuzumira pansi pa chidebe. Moto panalibe. Ndinagwira chidebe. Chinali zii, chozizira.

"Likuwira popanda moto?" ndinafunsa.

"Ee, Amayi. Lili ndi moyo."

Mayi Telala anaseka. Anandikokera mpando.

"Takulandirani, Amake Kamphuno."

"Zikomo. Ndabwerera mbale yanga."

"Ndi iyo apo. Ndinaitsuka kalekale. Koma kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu. Ndiye chakudya chathu chimayamba chagona. Chimagona masiku. Lero chadzuka."

"Chakudya chogona? Ine nyemba zikachedwa kupsa ndimazikalipira. Ingondipatsani mbale, ndizipita."

Ndinatambasula dzanja. Kamphuno anaima patsogolo pa mbale.

"Amayi, khalani pansi. Muone akamaphika."

"Ndilibe nthawi."

"Muone katatu kokha."

"Kamodzi."

"Kawiri, Amayi. Ndakutsitsirani."

"Kamodzi. Kenako mbale."

"Chabwino, kamodzi. Koma osaphethira."

Mwana ameneyu watengera ine. Ndinakhala pansi.

Mayi Telala anaika chiwaya pamoto. Chinali chachikulu, chophwathalala. Anatunga phala ndi kapu. Anathira mozungulira. Anayambira m'mbali. Anazungulira, anazungulira, mpaka pakati.

Tswiii!

"Onani, Amayi! Onani!" Kamphuno ananong'ona.

Ndinaona. Pa phala paja panatseguka kabowo. Kanali ngati diso. Lina linatseguka. Lina. Linanso. Uku diso, uko diso. Ngati mvula ikamayamba kudontha pamchenga.

Kamphuno anayamba kuwerenga. Zala zinamuthera. Maso ankangotseguka.

Chiwaya chonse chinali maso okhaokha. Onse ankandiyang'ana ine.

Ine ndinayamba kuphika ndili kamwana. Ndakazinga. Ndawiritsa. Ndaotcha. Koma izi sindinazionepo. Pakamwa panga panali yasa.

Mayi Telala anavundikira pang'ono. Kenako anavundukula. Nthunzi inakwera. Anachotsa buledi wamkulu, wozungulira. Anali wofewa ngati nsalu. Anamupinda, koma sanathyoke.

"Thirani lina," ndinatero.

"Amayi, munati kamodzi," anatero Kamphuno.

"Iwe, khala chete. Ndikuonera."

Mayi Telala anapatsa Kamphuno kapu.

"Thira ndiwe, mwanangu. Osathamanga."

Kamphuno analandira kapu. Anathira. Buledi wake sanazungulire. Anatuluka ngati khutu la njovu.

Tonse tinawerama. Tinadikira.

Diso limodzi linatseguka. Lina. Linanso.

"Wanganso akuona!" Kamphuno anafuula. "Amayi, wanganso akuona!"

"Ndaona, mwanawe. Usandigonthetse."

Anaphika wina. Anaphika winanso. Ine ndinaiwala mapoto anga. Ndinaiwala tomato wanga.

Kenako Mayi Telala anatenga mbale ija. Anayala buledi m'mbalemo. Pamwamba anaika ndiwo zofiira. Pambali anaika masamba. Maluwa a mbale sanaonekenso.

"Mbale yanu iyi, Amake Kamphuno. Pepani, yachedwa."

"Kuchedwa yachedwadi," ndinatero. "Koma tiyeni kwathu. Zonsezi tidya awiri? Mukufuna tiphulike?"

Kamphuno ananyamula mbale ndi manja awiri. Anayenda ngati wasenza mazira. Ine kumbuyo. Mayi Telala kumbuyo kwanga.

Tinasamba m'manja. Tinazungulira mbale.

"Supuni ili kuti?" ndinafunsa.

"Supuni ndi buledi yemweyu," anatero Mayi Telala.

Anang'amba kachidutswa. Anatapa nako ndiwo. Anadya zonse pamodzi. Kamphuno anachita chimodzimodzi. Inenso ndinang'amba.

Buledi anali wowawasa pang'ono, ngati ndimu. Timaso tija tinali titamwa msuzi. Tsabola anandiyendera mpaka m'makutu.

"Mukulira, Amayi?" anafunsa Kamphuno.

"Ndi tsabola. Sendeza kuno khutu la njovulo."

Tinadya. Tinadya. Maluwa ofiira anayamba kuoneka. Mbale inayera mbee!

Kamphuno anaitsuka. Anaipukuta. Anaiika pamalo pake.

"Amayi, mbale yabwera."

"Yabwera. Nkhani yatha."

"Ndiye mawa ndipite kwa Anti?"

"Upite. Uwatengere nyemba."

"M'mbale iti?"

"Yomweyo."

Mayi Telala anaomba m'manja. Anaseka mpaka misozi.

"Musaseke, anzanga," ndinatero. "Mbale yanga ndi yaikulu. Pobweza mudzadzaze."