Rakele ndi Migolo ya M'chitsime

Rakele ankakhala ku Meluluca. Anali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Tomé. Rakele ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Tomé achire.

Tomé ankadwala m'mimba. Phala ankakana. Usipa ankakana. Ankangogona pamkeka tsiku lonse. Rakele zinkamupweteka mumtima.

Nthawi imeneyo kunali nkhondo. Anthu ambiri anathawa kuchoka kumapiri. Anabwera kudzakhala kunyanja. Malo a kugombe anadzaza. Banja la Rakele linamanga nyumba kumtunda. Kukatunga madzi kunyanja kunali kutali.

Atate ake a Rakele anali a Casimiro. Iwo anakumba chitsime pafupi ndi nyumba. Koma mchenga unkagumukira mkati. Akumba lero, mawa chakwiririka. Akumba mawa, mkuja chakwiririkanso.

Chapafupi panali nyumba yakale yosungiramo thonje. Eni ake anathawa nkhondo. Anasiyamo migolo yachitsulo. Inali migolo ya mankhwala opopera thonje.

A Casimiro anatenga migolo itatu yopanda kanthu. Anaikwecha ndi mchenga. Anaikwecha ndi phulusa. Anaitsuka ngati miphika, mpaka inawala. Kenako anaidula kumwamba ndi kunsi. Anaisanjikiza m'chitsime muja. Mchenga sunagumukenso.

Anthu anakondwa kwambiri. Anachitcha chitsime cha a Casimiro. A Casimiro akamva dzinalo ankatsokomola pang'ono. Kenako ankadutsanso pachitsime popanda chifukwa. Tsiku limodzi ankadutsapo kanayi.

Rakele ndiye ankafika woyamba pachitsime. Sikuti ankakonda kulawira ayi. Amayi ake ndiwo ankamudzutsa.

Tsiku lina m'mawa, Rakele anasuzumira m'chitsime. Madzi anali phee. Pamwamba pake pankayandama mafuta a mitundumitundu. Munkatulukanso fungo. Linali fungo la m'nyumba ya thonje ija. Rakele anaponya chitini. Madzi anavunduka. Mafuta aja sanaonekenso.

Mawa lake anasuzumiranso. Mafuta analipo. Fungo linalipo. Ndiye anamva kuti mwana wa a Momade, asodzi a m'mudzimo, akudwala m'mimba. Mapasa a kuseri kwa nyumba nawonso akudwala m'mimba. Onsewo ankamwa madzi a chitsime chomwecho.

Rakele anauza amayi ake. Amayi anayang'ana uku ndi uku. Anayankha motsitsa mawu.

"Atate ako anavutika nacho chitsime chija, mwanawe. Usawachititse manyazi."

Rakele anayang'ana amayi. Anayang'ananso Tomé pamkeka. Milomo ya Tomé inali itauma. Rakele anadzuka. Anapita kwa atate ake.

Anawapeza akusoka ukonde pamthunzi. Anagwada pambali pawo.

"Atate, madzi a m'chitsime akununkha mankhwala a thonje."

A Casimiro anasiya kusoka. Ananena kuti migolo ija anaikwecha ndi mchenga. Anaikwecha ndi phulusa. Ananenanso kuti iwo amasuzumiramo masana alionse. Saonamo kanthu.

"Masana madzi amakhala atavunduka, atate. Tiyeni mawa m'mawa, munthu asanaponye chitini."

M'mawa mwake anapita awiri. A Casimiro anasuzumira. Ananunkhiza. Anasuzumiranso. Rakele anachita mantha. Ankaganiza kuti atate akwiya.

Koma a Casimiro sanakwiye. Anadula nthambi zaminga. Anatseka nazo chitsime. Kenako anaima pomwepo kudikira anthu.

Amayi a m'mudzi anayamba kufika ndi ndowa. A Casimiro anawauza mmodzimmodzi. Manyazi anali nawo, koma sanathawe.

"Ndinalakwitsa ndine. Mankhwala aja satsukika ngati mphika. Musamwenso madzi awa."

Ena anang'ung'udza. Ena anangogwira pakamwa. Tsiku limenelo onse anakatunga kunyanja. Anabwerako miyendo ikuwawa.

Masana anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Nkhani inali yovuta. M'nyumba ya thonje munatsala migolo ina. Imeneyo inali yodzaza. Inali itachita dzimbiri, ndipo inkadontha. Mvula inali pafupi. Ikagwa, mankhwala alowa pansi. Alowa m'chitsime chilichonse chimene angakumbe.

Nanga migolo yodontha angaigwire ndani? Palibe amene ankadziwa kagwiridwe kake. Anagwirizana zopita ku Metangula, kwa anthu a zaumoyo. Pamsewu panali poopsa chifukwa cha nkhondo. A Momade anati apite pa bwato lawo la thanga.

A Adélia anali amake a mapasa aja. Iwo anatunga madzi a m'chitsime m'botolo. Anatseka ndi chitsononkho. Ananena kuti Rakele apite nawo. Paja anayamba kuona ndi iyeyo.

Analawira m'mawa. Anakwera anthu khumi, a Casimiro ali pomwepo. Mayi aliyense ananyamula ndowa yopanda madzi. Mphepo inali yabwino. Bwato linayenda bwino.

Ku Metangula anapeza anthu ambirimbiri. Pakhomo la ofesi panali bambo wina wotopa. Anawauza kuti abwere sabata yamawa. Anati masiku ano ntchito yachuluka.

Anthu a ku Meluluca sanakalipe. Sanabwererenso. Anakhala pansi pakhonde. Anandandalika ndowa zawo zopanda madzi. Anadikira. Dzuwa linakwera. Iwo anadikirabe.

Kenako panatuluka mayi wovala zoyera. Anali a Cacilda, a zaumoyo. Anaona ndowa zija. Anafunsa kuti ndowa zopanda madzi zikufuna chiyani pakhonde.

A Adélia anamukodola Rakele. Rakele anaimirira. Anagwira botolo ndi manja awiri.

"Mlongo wanga sakudya, amayi. Ana ena atatu sakudya. Tanunkhizani madzi awa, chonde."

A Cacilda anatsekula botolo. Ananunkhiza kamodzi kokha. Anatseka msangamsanga.

"Uyu ndi veneno, mankhwala akupha. Chitsimecho anthu akumwabe?"

A Casimiro anayankha kuti anachitseka ndi minga. Anafotokozanso za migolo, osabisa kanthu. A Cacilda anamvetsera mpaka kumapeto. Analowa mu ofesi. Anatuluka atanyamula chikwama cha mankhwala. Anakwera nawo bwato tsiku lomwelo.

Atafika anayamba ndi ana. Anamuyeza Tomé. Anayeza mapasa. Anayeza mwana wa a Momade. Onse anawapatsa mankhwala. Anauza makolo kuti aziwamwetsa madzi a kunyanja, owiritsa bwino.

Patapita masiku awiri kunabwera boti la injini. Munali amuna anayi. Anavala magolovesi. Anamanga nsalu kumphuno. Ana onse anauzidwa kuti aime patali.

Amunawo anamanga migolo ndi zingwe. Anakoka, anakoka, mpaka mgolo woyamba unatuluka. Anakoka, anakoka, wachiwiri unatuluka. Wachitatu unavuta. A Casimiro anapempha magolovesi. Anagwira nawo chingwe. Nawonso unatuluka.

Amuna aja anachotsanso migolo yodontha ya m'nyumba ya thonje. Anaikulunga bwinobwino. Anafukula dothi lonse lonunkha. Zonsezo anapita nazo kumalo otetezeka. Chitsime chakale anachikwirira ndi dongo.

A Cacilda anasonyeza malo a chitsime chatsopano. Anali malo okwera, kutali ndi nyumba ya thonje. Anati mkati mwake ayalemo miyala.

Mudzi wonse unagwira ntchito. Abambo ankakumba. Amayi ankatuta miyala kugombe. Ana ankatuta timiyala tating'ono. Rakele anasankha mwala waukulu kuposa mutu wake. Anapuma nawo kasanu panjira. Koma anafika nawo.

A Casimiro ndiwo ankayala miyalayo. Ankayala mwala, n'kuugwedeza. Ankayala wina, n'kuugwedeza. Tsiku lachisanu ndi chimodzi madzi anatuluka. Anali oyera mbee. Analibe mafuta. Analibe fungo. Mvula inagwa migolo itapita kale.

Tomé anayamba kukhala tsonga. Kenako anayamba kuyenda pabwalo. Koma kudya ankangolawa.

Tsiku lina amayi anawotcha chinangwa. Anagawira aliyense chake. Tomé analuma pang'ono. Analumanso. Anamaliza chake chonse.

Ndiye anayang'ana chinangwa cha Rakele. Anachitsomphola, n'kuyamba kuchidya. Amayi anafuna kumudzudzula. Rakele anawagwira dzanja.

"Musiyeni adye, amayi."

Tomé anamaliza cha Rakele. Kenako anatambasulira atate dzanja. A Casimiro anamupatsa chawo chonse. Ankaseka, koma misozi inali m'maso.

Rakele anatsala ndi njala. Sanadandaule ngakhale pang'ono. Anangokhala pamkeka, kumvetsera mlongo wake akutafuna.