Chala cha Amayi

Loya analowa ndi pepala komanso kabokosi ka inki, n'kuziika pabedi la mayi ake. Chiwagwireni sitiroko, dzanja lawo lamanja silinkagwiranso ntchito. Wowasambitsa, wowadyetsa ndi kuwatembenuza anali mpongozi wawo, mkazi wa loyayo, amene sukulu analekezera Sitandade 5.

"Gwira chala chawo udinde apa," anatero mwamunayo. "Ndi zakuchipatala."

Mkaziyo anatola pepalalo n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikulondola mzere. Mawu ambiri anamupita pambali, koma nambala ya puloti anaidziwa, ndipo pansi pake panali dzina la munthu wachilendo.

"Bambo, mukugulitsa nyumba ino?"

"Zamalamulo uzidziwira kuti iwe? Amayi akakhala kosungira okalamba. Palibe lamulo lomwe ndaphwanya."

"Malamulo sindiwadziwa. Koma eni akewo simunawauze."

"Dinda, apo ayi longedza katundu wako!"

Mkaziyo sanalire. Mumtima munangoti zii. Zaka khumi ndi ziwiri akusita malaya a munthu ameneyu, akudziona wachabechabe pamaso pa madigiri opachikidwa pabalaza aja, koma lero sanamve mantha, mkwiyo, ngakhale chisoni.

"Sindidinda."

Apo mayi aja, omwe onse ankayesa ali mtulo, anatsegula maso.

"Musiye mwana wa eni," anatero, lilime likulemera. "Ndinagulitsa makina anga osokera kuti iwe uphunzire. Nyumbayinso tenga. Koma chalachi ugwire wekha, ukundiyang'ana."

Mukuganiza kuti anachita manyazi? Aa, kuti! Sukulu yonse ija, munthu anagwira dzanja lofa la mayi ake, kulinyika mu inki, kudinda, maso ali kukhoma. Anauzira pepalalo kuti liume, n'kutuluka. Chitseko anachimenyetsa mpaka zenera linanjenjemera.

Mpongozi ananyowetsa kansalu n'kuwapukuta chala chija. Kenako anakoka chikwama kunsi kwa bedi, n'kuyamba kuikamo mankhwala, matewera ndi juzi yawo.

"Ukunditengera kuti, mwanangu?"

"Kwa akulu anga. Chipinda n'chimodzi, koma tikwana."

"Ine si mayi ako. Banja likatha, upongozi umathanso."

"Ndikudziwa, amayi," anatero akuwerama. "Gwirani khosi langali ndi dzanja lamoyolo, ndikunyamuleni."