Dzina la a Magalasi pa Pulinta

Ika foniyo pansi, iwe! Poti mawa ukuyamba ntchito ya makompyuta, ndiye ukuona ngati ine wa sitandade thu ndilibe chokuuza? Tsegula makutuwo.

Mayi ako aang'ono, mwana wanga uja, ankagwira ntchito pa kampani yosunga katundu, m'kachipinda kozizira kopanda windo, momwe munali chimakina chachikulu ngati filiji. Mwini mpando anali mdala wina, ankamutcha a Magalasi. Atadwala mwadzidzidzi n'kutisiya, mpandowo anapatsa mwana wangayo. Pomwepo anthu anayamba kutsinana.

Bwana anati jekete, kapu ndi nsapato za malemu ziikidwe m'makatoni awiri, zipite kwa mkazi wawo. Mwana wanga anafuna timapepala tomata ta dzina. Posindikiza timapepala totere, a Magalasi ankadzera njira yaitali, yoti makina azikufunsa funso lililonse palokha. Iye, phuma, anangolemba pa kamzere kapansi kolamulira makina: dzina la pulogalamu, dzina la malemu, kenako 2, kutanthauza timapepala tiwiri. Pulinta inali yotanganidwa ndi za makasitomala, sipanatuluke kanthu. Analemba pamakatonipo ndi cholembera, n'kuiwala.

Anthu ataweruka, mdima utagwira, mlonda anamva kaphokoso kuseri kwa chitseko chokhoma. Tswii, tswii, kenako zii, ngati munthu akupuma. Kenako tswii. Pansi pa chitseko pankatuluka kakuwala kobiriwira. Anagogoda. Phokosolo silinasiye.

M'mawa potsegula, timapepala tinali mbwee, mpaka kunsi kwa mpando. Tonse dzina limodzi, la malemu.

Anazimitsa pulinta. Koma ntchito ikanayenda bwanji? Anayatsanso. Masana inkagwira bwinobwino ngati mwana waulemu. Za makasitomala zikangotha madzulo, inkayambira pomwe inalekezera. Mapepala akatha inkadikira, kagetsi kake kakuphethira mumdima. Ukaikamo ena, dzina lomwe lija.

"Akufuna mpando wawo," ananong'ona wokonza m'maofesi.

"Mpando chani," anatero mlonda. "Akuloza amene anawadya. Bwanji zikugwera pansi pa mpando wa uja?"

Kapu ya tiyi ya mwana wanga anasiya kuitsuka pamodzi ndi zinzake. Akalowa, nkhani inkaduka. Wina anatengera mkazi wa malemu timapepalato todzaza jumbo. Mayiyo anabwera atavala zakuda, n'kuima pakhomo la kachipindako. Sanakuwe ayi. Bola akanakuwa.

"Mwana iwe, amuna anga anakuphunzitsa ntchito ngati wawo. Anakulakwira chiyani?"

"Amayi, ine sindikudziwa kanthu."

"Nanga akuitana ndani?"

Mwana wanga anatenga chikwama chake, osabwereranso. Kunyumba anafika ataonda ngati ndodo, akundifunsa kuti, "Amama, kodi munthu angaphe mnzake ndi mtima wokha? Mpandowo ndinkaufunadi." Ndinamukalipira, koma tulo sanapeze.

Patapita nthawi, kampani inaitana katswiri wa makinawo. Anayang'ana pang'ono n'kupukusa mutu. Akuti ukalemba nambala yokhayokha pa kamzere kaja, makinawo amaiveka okha maziro asanu kumbuyo, a pambuyo pa kadontho. Pulogalamu ya a Magalasi kadonthoko sinkakadziwa, inangowerenga zonse pamodzi. Thu wa mwana wanga anasanduka thu handiredi sauzande. Ndiye chifukwa chake mdalayo ankadzera njira yaitali, koma sanauzeko munthu, mwana wanganso sanafunsepo chifukwa chake. Katswiriyo anadina batani, kachipinda kanati zii.

Bwana anabwera kuno, anakhala pomwe wakhala iwepo, chipewa chili m'manja.

"Amayi, tinalakwa. Abwerere."

Ndinati, "Maziro anuwo mwawafotokozera mlonda? Nanga mkazi wa malemu?"

Anati anayesa. Akuti mayiyo anangoyankha kuti, "Makina ali ndi mayina ambirimbiri. Bwanji anasankha la amuna anga?"

Mwana wanga sanabwerere. Mutu wonse uja, lero akugulitsa zitenje. Mkazi wa malemu uja akamuona pamsewu amawolokera mbali ina mpaka pano. Ndipo pamalo pakalira pulinta, kaya kubanki kaya kuchipatala, mayi ako aang'ono amatuluka panja.

Ndiye usandiyang'ane ngati nkhuku yonyowa. Bwereza ndimve: makina aja amawonjezera maziro angati, ndipo usanalembe nambala pa kamzere kaja ufunse chiyani? Yamba!