Dzina la Woimba Banjo

Talandira anatuluka m'nyumba ya a Khalidi ku Liwaladzi mwezi utakwera kale, maminibasi atasiya kuyenda. Kwa miyezi inayi ankalemba mbiri ya bandi ina ya dansi yomwe inkavinitsa anthu pa boma la Nkhotakota m'zaka za m'ma 1950. Pa chithunzi chakale chomwe ankayenda nacho panali anyamata asanu. Anayi anawapezera mayina. Wachisanu, wa banjo, yemwe nkhope yake inafufutika ndi chinyezi, anthu ankangomukumbukira kuti "Lenard", dzina lobisalira, poti ana a mabanja opemphera ankaimba dansi mozemba makolo.

A Khalidi, woimba ng'oma amene anatsala okha amoyo, anali atakana kachitatu kutchula dzina lake lenileni. "Mwanangu, zimenezo zisiye. Tiyi wako akuzizira."

Koma Talandira anali atatsimikiza mtima: buku lake silituluka munthuyo alibe dzina.

Anatsata kanjira kopita kwa azakhali ake. Atayandikira manda, anamva nsambo zikulira. Pang'onopang'ono... ngati wina akuzikunga.

Anaima.

Patsinde pa mtengo wa mango panakhala mnyamata wovala suti yoyera, banjo pamwendo. Nsapato zake zinalibe fumbi.

"Imani pomwepo, chemwali, akazi salowa kuno," anatero mofatsa. "Ndinu mukufunsafunsa za Lenard?"

Talandira anatulutsa cholembera.

"Mumamudziwa, achimwene?"

"Lembani Yasini. Yasini Fakiri. Mukamuuze Khalidi kuti bambo anapita kalekale, palibenso wotimenya."

Analemba. Atadzutsa mutu... palibe munthu! Nsambo imodzi inkalirabe kutali, pakati pa manda. Kenako zii.

Kwa azakhali sanafikeko. Anabwerera, nakagogoda kwa a Khalidi mpaka anatsegula, tochi m'manja. Anawawerengera zomwe analemba, mawu onse.

Mkuluyo anakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Wakuuza ndani zimenezi?"

"Mnyamata wa suti yoyera, agogo. Ali kumanda ndi banjo."



"Yasini anali mkulu wanga," anatero a Khalidi. "Tinamuika m'manda amenewo mu 1961. Bambo atamugwira akuimba dansi anatilumbiritsa tonse kuti dzina lake lisatchulidwenso. Ine sanandigwire, ndiye ndinangokhala chete." Anavula kofia, napukutira misozi. "Lemba, mwanangu. Ulilembe pamwamba pa langa."