Otilia ndi Mapedulo Osapuma

Otilia ankakhala pafupi ndi Ngabu. Sukulu yake inali kutali, kuseri kwa minda ya thonje. Tsiku lililonse ankathamanga. Tsiku lililonse ankapeza belu litalira kale. Ochedwa ankasesa bwalo. Tsache la pasukulu linkamudziwa bwino Otilia.

"Ababa, ndibwerekeniko njinga," anatero Otilia.

"Tenga, mwanangu," anayankha bambo ake, a Lorenso. "Koma uchenjere nayo. Imeneyi sidziwa kupuma."

Sankanama ayi. Fuliwilo ya njingayo inawonongeka kalekale. Fuliwilo ndi kachitsulo ka mano ka pa tayala lakumbuyo. Ndi kamene kamalola mapedulo kupuma njinga ikuyenda. A Lorenso anangokamanga ndi waya, basi. Tayala likazungulira, mapedulo ankazungulira. Pokwera, ankazungulira. Potsetsereka, ankazungulira. Sankamvera munthu.

Masiku amenewo mtsikana sankavala buluku. Diresi linkayenera kubisa mawondo. Diresi la kusukulu la Otilia linali lalitali ndithu. Linalinso limodzi lokha.

Otilia anakwera njinga. Anapalasa, napalasa. Mphepo inakupiza diresi. Tcheni chinaluma mpendero wake. Otilia anafuna kuimitsa mapazi, koma mapedulo anakana. Kwee! Diresi linang'ambika. Otilia anagwa m'fumbi, nalira kwambiri.

Mayi ake, a Teresa, anasoka diresi lija.

"Likang'ambikanso, palibe posoka," anatero. "Njingayi uisiye."

"Amama, ndiloleni ndikaonetse atsibweni," anapempha Otilia.

Loweruka, Otilia anakankha njinga mpaka ku Ngabu. Atsibweni ake, a Geresomo, ankakonza njinga pansi pa mlambe. Anayang'ana waya uja, napukusa mutu.

"Alamu anga amenewa," anatero akuseka. "Chilichonse mankhwala ake ndi waya."

Anafufuza m'bokosi lawo. Anatulutsa fuliwilo ina yakale.

"Iyi ndi yamoyo, koma yadya dzimbiri. Ungaitsuke?"

"Ndiitsuka," anayankha Otilia.

Anaitsuka ndi palafini. Anapukuta dzino limodzi, kenako lina, kenako lina. Manja ake anada bii. Anadonthezamo mafuta. A Geresomo anadula waya uja. Anamanga fuliwilo pa tayala, nalizunguza. Tiki-tiki-tiki! Tayala linkathamanga, mapedulo ali phee.

Koma Otilia sanasekerere.

"Atsibweni, tcheni chidakali pamtunda. Chilumanso diresi langa."

"Chophimbira tcheni ndilibe, mwana iwe."

Otilia anayang'ana uku ndi uku. Anaona chitini chachikulu cha palafini, chopanda kanthu.

"Nanga tikadula ichi?"

A Geresomo anakanda mutu. Kenako anatenga lumo lodulira malata. Otilia anajambula mzere ndi khala. Iwo anadula. Otilia anapinda m'mbali ndi hamala kuti musacheke mwendo. Anachimanga pamwamba pa tcheni. Mano onse anabisika.

"Takhuta, atsibweni," anathokoza Otilia.

Anapalasa mpaka kunyumba. Anazungulira nkhokwe katatu. A Teresa anagwira mpendero wa diresi, nautembenuza. Panalibe bowo. Panalibe ngakhale dontho la mafuta.

"Chabwino," anatero. "Udzipita nayo."

Lolemba m'mawa, Otilia anakwera njinga. Anadutsa minda ya thonje. Anadutsa ng'ombe za m'njira. Potsetsereka anapumitsa mapazi. Tiki-tiki-tiki! Mphepo inakupiza diresi, koma tcheni sichinalipeze. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe.

Anafika pasukulu. Bwalo linali zii. Panali aphunzitsi okha, Mayi Esinala.

"Otilia, ndiwedi?" anafunsa modabwa.

"Ndine, aphunzitsi."

Mayi Esinala anamwetulira. Anamupatsa kachitsulo koimbira belu.

"Woyamba kufika ndiye amaimba," anatero.

Otilia anagwira kachitsulo ndi manja awiri. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Kutali m'njira, ana onse anayamba kuthamanga.