Dzanja la Kachilombo ka Dongo

Zidayamba ndi nyanga. Lolemba m'mawa, Florah atalowa m'chipinda chogwirira ntchito cha bwana Anton ndi kansalu kake kopukutira fumbi, adapeza nyanga za kachilombo ka dongo ka patebulo, zomwe dzulo lake zidaloza kudenga, zitapindikira pansi ngati makutu a mbuzi yodwala.

Bwana Anton adali mzungu wa imvi zake, mwini nyumba ya ku Jumeirah, kudziko lakutali la chipululu chotentha, kumene Florah ankagwira ntchito chaka chachitatu tsopano. Ntchito ya bamboyo, inu, kuifotokoza kumudzi n'kudzivuta chabe. Ankaumba tizilombo totalika ngati chala, ku shedi yake ya ku Al Quoz n'kukatichulukitsa ndi makina, kenako n'kumagulitsa kwa anthu akuluakulu andevu zawo, amene amatifoletsa patebulo n'kumatimenyanitsa nkhondo poponya madayisi. Florah adayesapo kuuza mayi ake pafoni. Mayiwo adangoti, "Mwanawe, uzipemphera."

Komatu Florah tizilomboto tinkamusangalatsa. Pashelefu padali mzere wa chilombo chimodzimodzi m'mibadwo yake yonse, ndipo tsiku lina bwanayo adamufotokozera. Koyamba kadali ka mtovu, kakalekale, kolemera m'manja, mutu waukulu, zikhatho ngati mafosholo, nkhope ya chidakwa chimene chikuseka chokha. Otsatira adali apulasitiki, minofu ili tutumutu, minga m'mapewa. Atsopano, otuluka m'makina, adali ndi maso asanu ndi atatu ndi mano osawerengeka.

"Chaka chilichonse timawonjezera mano," adatero bwanayo, "ndipo chaka chilichonse anthu mantha akuwathera. Mano atha ntchito, Florah."

Ka dongo kaja ndiko kankayenera kudzaima kumapeto kwa mzerewo. Dongo lake lidali lamafuta, losauma. Bwanayo adalimbana nako milungu itatu ku Al Quoz osakhutira, mpaka Lamlungu adabwera nako kunyumba kuti azikayang'ana pafupi. Lamulo lidali limodzi: tebulo lija osalikhudza.

Ataona nyangazo bwanayo adangofunsa kuti, "Wagunda tebulo?" Florah adakana, ndipo zidathera pomwepo. Madzulo adachita zake za masiku onse m'chipindamo, kukoka makatani, kuzimitsa magetsi ndi AC yoziziritsa chipinda, kukiya chitseko. Makiyi adali awiri okha, ina ya bwana, ina yake.

Lachiwiri khosi la kachilomboko lidali litawerama, ndipo timano titatu tidali titagwera patebulo, toyera ngati mpunga. Lachitatu mikono idatalika mpaka zala kufika kumapazi. Lachinayi kukamwa, komwe bwana adakuumba kotsekula ngati kakubangula, kudali kutatsekeka.

Apa bwana Anton sadakweze mawu, ndipo ndicho chidamuopsa kwambiri Florah.

"M'nyumba muno timagona awiri, ndipo dalaivala Dalton kiyi alibe," adatero. "Sindikudziwa chifukwa chake ukuchita zimenezi. Ndikapeza kasinthanso mawa, ndikugulira tikiti ya kwanu."

Florah adapita kukhitchini. Jacqueline, mwana wake, adali Fomu 3 ku Blantyre, ndipo sukulu yonseyo idatsamira pa nyumba imeneyi. Kubwerera kwawo ndi dzina la wabodza, chifukwa cha kachidole! Mtima udamuwawa, ndipo adakwiya.

Dalton, dalaivala wa ku Lusaka, adamupeza kuseri kwa galaja. Nkhani idali itamufika kale, ndiponso idali itadumpha mpanda kufika kwa Selinah, wolera ana panyumba yoyandikana nayo, amene tsopano ankalumbira kuti adaonapo katani ya chipindacho ikugwedezeka.

"Ba Florah, ine nenze nakamba kudala," Dalton adanong'ona. "Vinthu ivi vili na eni ake. Munthu sungazipanga vibanda daily, vibanda osabwela kuzaona mafoto yao. Khalas, basi zatha, longani chabe katundu."

"Nanga chibanda chake n'chotani chogwetsa mano ake omwe?" adafunsa Florah.

Funsolo lidamukakamira tsiku lonse. Mantha adali nawo, inde, koma chidwi chidawaposa. Adali atakayang'anitsitsa m'mawa uliwonse, ndipo chimene sadauze munthu n'chakuti kachilomboko kankamka kaopsa pamene mano ankatha. Kadasiya kuoneka ngati nyama. Kadayamba kufanana ndi munthu amene waima pakhomo nthawi yaitali kudikira kuti umuone.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku umenewo, bwana atakagona, Florah adakoka makatani, adazimitsa AC ndi magetsi monga mwa nthawi zonse, koma chitseko adakiyira m'kati. Adakhala pansi pakona, msana kukhoma, foni m'manja.

Phokoso la AC litaleka, chete amene adatsala adali wolemera. Kutali ankamva galimoto imodziimodzi ikudutsa pamsewu wa kunyanja. Mdima udali wa bii, koma maso atazolowera adayamba kuona mitu ya tizilombo ta pashelefu, tonse titayang'ana pakati pa chipinda. Pang'onopang'ono kutentha kwa mwezi wa Juni kudayamba kulowa, kudzera m'makoma, kudzera m'galasi la zenera, mpaka thukuta lidayenderera kumsana kwake. Ola lidatha, lachiwiri nalonso.

Kenako: tho.

Kaphokoso kakang'ono, kouma, kochokera patebulo. Florah adagwira mpweya. Adawerenga mpaka makumi awiri, adayatsa tochi ya foni, nayandikira chokwawa. Dzino lina lidali litagwa. Ndipo iye akuyang'ana chomwecho, mutu wa kachilomboko unkatsika, pang'onopang'ono kwambiri moti ukaphethira sungadziwe, kuweramira pachifuwa.

Pemphero lidafika pakamwa, koma dzanja lidatsogola. Pambali padali chibulumwa cha dongo lotsala. Adachidina ndi chala, chala n'kulowa chonse. Dongo limene masana linkakhala lolimba ngati sopo lidali litafewa ngati majarini oiwalidwa padzuwa.

Florah adakhala pansi n'kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Chibanda chake adali iye mwini! Munthu wokulira ku Ndirande, kumene mayunitsi a magetsi amathera pakati pa kuphika, sakanatha kugona AC ikuziziritsa chipinda chopanda munthu. Zaka zitatu adakhala akuizimitsa, ndipo mtovu ndi pulasitiki sizidadandaulepo. Adayatsanso AC, adakayang'ana kachilomboko komaliza, mutu uli pansi, mikono yonse iwiri ili lende, nakiya chitseko kukagona.

M'mawa sadadikire kufunsidwa. Adamupeza bwana Anton ali ndi kapu ya khofi m'manja, naulula zonse ali chiimire: AC, kutentha, chala chake m'dongo. Bwanayo adaseka mpaka khofi kutayikira pansi.

"Milungu itatu ndikuwonjezera," adatero, "iwe masiku anayi ukuchotsa. Tiye tikakaone."

Adatsekula yekha. M'chipindamo mudali mozizira bwino. Bwanayo adawerama patebulo, ndipo kuseka kuja kudatha pankhope pake.

"Florah, aka ndiko ndinkafuna. Aka munthu sangakasiye m'chipinda chogona." Adaloza ndi pensulo. "Koma dzanja ili ndilo lamaliza zonse. Kutentha kumagwetsa zinthu pansi, sikukweza. Ili ndiye wakweza ndiwe. Usaope, ndiuze."

Florah adayandikira. Mkono wamanja wa kachilomboko udali utakwera kufika paphewa, chikhatho chili chotambasula, zala zitapindika pang'ono ngati za munthu amene akukodola mnzake. Sudaloze kuchitseko kapena kuzenera. Udaloza pakona paja pamene iye adakhala usiku.

Adayang'anitsitsa mkonowo kufuna chidindo cha chala, pakuti dongo lofewa silibisa amene walikhudza. Pa chibulumwa chija dzenje la chala chake lidalipo, mizere yonse ikuoneka. Pamkonopo padali posalala.

Akanatha kukana. Koma akakana, bwanayo akanafunsa kuti nanga ndani, ndipo akanabwereranso pa makiyi awiri aja ndi tikiti ija. Adaganiza za Jacqueline ndi mayeso a chaka chamawa.

"Inde, bwana," adatero. "Ndine."

"Uli ndi diso," adatero bwana Anton mokondwa. "Kuyambira lero chilichonse chatsopano chizigona muno. Uzizimitsa AC, uzikhala nato monga unachitira, ndipo chimene waona kuti chikufunika, uzichita."

Dalton adamudikira kugalaja. "Ba Florah, vayenda bwanji? Mwapulumuka?"

"Ntchito ilipo," adayankha Florah, osaima.

Lamlungu madzulo bwana Anton adabwera kuchokera ku Al Quoz ndi bokosi, natulutsamo tizilombo tina tisanu ta dongo, n'kutindandalika patebulo pambali pa kaja. Adamufunira usiku wabwino, nakwera kukagona. Florah adakoka makatani, adakiya chitseko, nasankha kona ina yokhalapo. Asanazimitse AC adawerenga manja a tatsopanoto kawiri. Onse khumi adali pansi.