Kabowo ka Laputopu ya Aphunzitsi

Mtembo wa a Goliati Mukhala unapezeka Lachitatu m'mawa kumtunda kwa Fort Lister, pafupi ndi miyala yotsala ya linga lakale. Anauona ndi amayi otola nkhuni. Pamene a Rozaria Namaona, wapolisi wofufuza milandu, ankafika pamalopo, nkhungu inali ikukwawa pampata wa Mulanje ndi Michesi. Anali atagwira ntchito m'bomali zaka zambiri, komabe akafika pansi pa mapiri awiriwo mawu ankawachepera okha.

Malemuwo anagona chafufumimba pansi pa mtengo umene anapachikapo mng'oma wa njuchi. Chitini chofukizira utsi chinali chitazima pambali pawo, ndowa ya uchi ili theka. Bala panalibe. M'dzanja lamanja anafumbata kamakina koyera, kokhala ndi kachigoba kovala pamphuno. A Rozaria anawongola zala zoumazo n'kudina batani. Kamakinako sikanayake.

Anthu a m'mudzi anatchula dzina limodzi: Noah Likhule. Njuchi za malemuwo zinamuphera mbuzi mwezi watha, ndipo analumbira pagulu kuti adzaonana.

"Munati mudzawapha?" anafunsa a Rozaria m'chipinda chofunsira kupolisi ya Phalombe.

"Unali mkwiyo chabe, bwana. Ine kuyambira Lolemba ndinali ku Chilwa kogula matemba. Kafunseni asodzi, ndimagona m'misasa yawo."

Asodzi anavomereza. Dokotala nayenso anati munthuyo sanamenyedwe, ndipo mbola zinali zochepa zosapha munthu. Chinawapha ndi mphumu, imene inadzutsidwa ndi utsi komanso chisanu. Akuluakulu anati nkhaniyo itsekedwe. A Rozaria anapempha kuti awapatse sabata imodzi.

Maliro atatha anakacheza ndi mkazi wa malemuwo, a Zelifa, pakhonde.

"Kamakina aka n'kachiyani, mayi?"

"N'kopumira mankhwala. Anatumiza ndi mwana wathu wa ku Joni. Chifuwa chikawabanika ankathiramo mankhwala, kamatulutsa nthunzi, n'kupeza bwino. Kofula njuchi sankapita opanda iko."

"Nanga bwanji sikakuyaka?"

"N'zimene zikundisowetsa tulo. Lachiwiri m'mawa moto unatheratu. Masana ndinakapereka kwa aphunzitsi a Mervis, amene ali ndi sola. Timatchajitsa konko nthawi zonse, tchaja yake imakhala komweko. Ndinakatenga dzuwa litalowa. Ndinakapeza kali pa laputopu yawo, kagetsi kakuyaka bwinobwino."

Nyumba ya a Mervis Nahache inali yatsopano, kumtunda, kutali ndi mtsinje. Anali mayi wamtali, wofatsa, wokhala yekha. Anawalandira alendowo n'kuwapatsa mpando.

"Inde, ndinakaika pa laputopu," anatero. "Tchaja yake inapsa."

"Mungandibwereke tchajayo?"

Anakaitenga kuchipinda. Nthawi yomweyo foni ya a Rozaria inalira kusonyeza kuti moto watha. Anaona chingwe chili lende pa laputopu n'kutambasula dzanja.

"Ayi, musaike pamenepo, bwana," anatero a Mervis mwachizolowezi, ngati akuwongolera mwana m'kalasi. "Pamangoyaka, sipadzaza. Ikani pasoketi apo."

A Rozaria anaika pasoketi n'kuthokoza. Kenaka anayang'ananso chingwe chija cha pa laputopu. Atakweza maso anapeza aphunzitsiwo akuwayang'ana, milomo ili yotseka zolimba.

M'mawa mwake a Rozaria anapita ku Migowi kwa Shakira, wokonza mafoni, atanyamula kamakina, tchaja ndi laputopu imene anaitenga ngati umboni. Shakira analowetsa kachida koyezera moto pakabowo ka USB.

"Onani nambala iyi. Laputopu yakale ngati iyi imapereka theka la ampu basi. Ili ndi malire, siingapitirire ngakhale muipemphe chotani. Tsopano werengani pansi pa kamakinaka."

"Maampu awiri."

"Ndiye kamafuna kanayi kuposa pamenepo. Kagetsi kamayaka ndi moto wochepa womwewo, koma batire imangonyambita. Komanso laputopu iyi ikakhala osaigwira imagona, moto n'kudukiratu. Mukaidzutsa, kagetsi kamayakanso ngati kanali kakutchaja tsiku lonse."

"Nanga tchajayi inapsa?"

Shakira anaiyeza. "Ilibe vuto lililonse."

A Rozaria sanakhutire ndi mawu okha. Ku ofesi anaika kamakinako pa laputopu kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, monga zinachitikira Lachiwiri lija. Atakayatsa, nthunzi inatuluka, yoyera, yofewa. Iwo anayamba kupuma nayo limodzi. Asanafike patali, inacheperachepera n'kuzima. Anayang'anitsitsa kabowo ka laputopu kaja, kosafika ndi chikhadabo chawo. Anaonapo anthu ophedwa ndi zikwanje, ndi mankhwala a mbewu, ndi mfuti. Sanaganizepo kuti munthu angaphedwe pongomumana moto wochepa chotere, wosatha n'kutenthetsa madzi a m'kapu, wakuphayo ali m'kalasi kuphunzitsa ana.

Loweruka anawaitanitsa a Mervis. Anayala zinthu zitatuzo patebulo.

"Tchaja iyi ndi yamoyo, aphunzitsi."

"Mwina ndinalakwitsa poyesa."

"Foni yanga munaikaniza pa laputopu. Munati pamangoyaka, sipadzaza. Munadera nkhawa foni ya mlendo, koma mpweya wa a Mukhala munauika pomwepo. Munkadziwa kuti Lachitatu m'mbandakucha akafula njuchi?"

"Mudzi wonse unkadziwa."

"Munkadziwa kuti alibe mankhwala ena?"

A Mervis anawayang'ana m'maso. Atayankhula, mawu awo anali osanjenjemera.

"Munaliko kuno chaka chija phiri linatsika?"

A Rozaria analiko. Anafukula nawo anthu m'matope. Ankakumbukira miyala yaikulu ngati nyumba itaima pamene panali midzi, ndi anthu akunong'onezana poiona, ngati ali m'tchalitchi.

"A Mukhala ndi amene ankasunga chimkuzamawu chochenjezera mudzi," anapitiriza a Mervis. "Tchaja yake anapatsa mlamu wawo kuti aziimbira wailesi kumowa. Chimkuzamawucho ankachiika pa laputopu ya mwana wawo, mwanayo asanapite ku Joni. Ndinawapeza. Ndinawauza kuti bambo, apa sichidzaza. Anaseka. Anati, 'Aphunzitsi, inu dziwani za choko. Simukuona kagetsi kakuyaka?' Mvula itakula, uthenga unawafika nthawi ilipo. Anakwera pachulu. Chinalira kawiri n'kuzima. A kumtunda anamva. Ife a kumtsinje sitinamve kanthu."

"Munataya ndani?"

"Amuna anga anapezeka. Mwana wanga Ufulu sanapezeke mpaka lero. Anali mu Sitandade 2."

"Bwanji simunadzanene?"

"Ndinanena pamsonkhano. Anati chisoni chandisokoneza mutu. Koma a Mukhala mudzi unawaombera m'manja kuti anapulumutsa anthu. Kenaka anayamba kubwera kwanga ndi kamakina kawo, akumwetulira. 'Aphunzitsi, tithandizeni moto.' Ndinawathandiza miyezi yonseyi. Ndinkadikira mawu amodzi okha opepesa. Lamulungu lawo lomaliza anaima m'tchalitchi kuchitira umboni za chimkuzamawu chija, mmene chinamvekera mudzi wonse. Lachiwiri a Zelifa atabwera, ndinabisa tchaja. Ndinasiya laputopu igone. Nditamva mapazi awo madzulo, ndinaidzutsa kuti aone kagetsi."

"Munkafuna afe?"

"Ndinkafuna adine batani pa nthawi imene akulifunitsitsa, kenaka amve zii. Ndinkadziwa kuti kuphiri kulibe wowathandiza. Inde, bwana. Lembani kuti ndinkafuna."

Wapolisi wolemba anaimitsa cholembera, pakamwa pali yasa. A Rozaria anamukodola kuti apitirize. Anawauza a Mervis kuti amangidwa pa mlandu wakupha, ndipo anawafotokozera ufulu wawo pang'onopang'ono, mawu ali pansi.

A Mervis anasaina, n'kuimirira okha. Pakhomo anatembenuka.

"Bwana, munakayesa kamakinako. Kanagwira ntchito nthawi yaitali bwanji?"

"Yochepa kwambiri."

"Yokwana munthu kuganiza kuti wapulumuka?"

"Inde."

Aphunzitsiwo anagwedeza mutu. Kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inagwa.

"Ndinkayesa kuti ndikamva zimenezi ndigona tulo," anatero. "Tiyeni."